Osayamba ndi mfuti: kufunsa akuluakulu za nkhondo ya ku Mozambique

Funso loyamba limene ndinawafunsa amalume anga linali lopusa, ndipo linanditayitsa zaka zitatu. Tinali pakhonde kwawo cha ku Senga Bay, madzulo, akazi awo akukazinga usipa kuseri kwa nyumba. Ndinali nditangoyamba kumene kuphunzitsa mbiri yakale kusekondale, kope latsopano m'manja, mtima uli phaphapha. Ndinati, "Amalume, paja inu munali ku Nacala. Munaphako anthu angati?" Sanandikalipire. Anangoyang'ana kunyanja kanthawi, kenaka anadzuka n'kunena kuti akukaona ngati anyamata akokera bwato lawo kumtunda. Amalumewo bwato analibe.

Pakamwa pawo panadzatseguka pa tsiku limene sindinkayembekezera. Ndinawapeza akusoka nkhwaira yoduka, ine n'kungonena mocheza kuti kaya majombo a usilikali aja ankalimba bwanji. Anaseka, n'kuyamba kufotokoza mmene mapazi ankatupira munthu akayenda tsiku lonse m'mbali mwa njanji, mmene ankaopera kuvula jombo usiku, ndi mmene mnzawo wina ankayanikira masokosi pa mpope wa mfuti. Kuchoka pa masokosi tinafika pa madzi akumwa, kuchoka pa madzi tinafika pa mudzi wina umene anaupeza nkhali zili pamoto koma anthu mulibe. Dzuwa linalowa tikadali pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikucheza ndi anthu angapo kuno ku Salima amene nkhondo ija inawakhudza, ndipo zimene ndikulembazi ndi zimene ndaphunzira mopunthwapunthwa. Ngati muli ndi agogo, amalume kapena oyandikana nawo amene anaona nkhondoyi, mwina zikuthandizani kuti musataye zaka zitatu ngati ine.

Imikani kaye nsichi

Nkhani za anthu zili ngati dothi lomatira nyumba. Popanda nsichi dothilo limangogwa. Musanapite kwa munthu aliyense, dziwani zaka ndi maina ochepa awa, muwalembe patsamba loyamba la kope lanu.

Dziko la Mozambique linalandira ufulu kuchoka kwa Apwitikizi pa 25 Juni 1975, chipani cha Frelimo n'kutenga boma motsogozedwa ndi Samora Machel. Pofika 1977 nkhondo ya pachiweniweni inali itayamba. Gulu la Renamo, limene linkamenyana ndi boma la Frelimo, linkathandizidwa poyamba ndi boma la azungu la Rhodesia, kenaka ndi boma la tsankho la South Africa. Mtsogoleri wake woyamba, André Matsangaissa, anaphedwa mu 1979 ku Gorongosa, ndipo Afonso Dhlakama analowa m'malo mwake. N'chifukwa chake akuluakulu ambiri sanena kuti Renamo, amangoti a Matsanga. Mukapanda kudziwa zimenezi muziyesa kuti akunena gulu lina lachitatu. Samora anamwalira pangozi ya ndege ku Mbuzini pa 19 Okutobala 1986, Joaquim Chissano n'kutenga mpando. Mgwirizano wa mtendere anasainirana ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo chisankho chinachitika mu Okutobala 1994. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, ena ndi zipolopolo, ambiri ndi njala ndi matenda.

Mbali yathu ife Amalawi ili patatu. Choyamba, othawa nkhondo. Anayamba kulowa mwaunyinji cha m'ma 1986, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anaposa miliyoni imodzi, ambiri ku Nsanje, Chikwawa, Mulanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi Mangochi. Chachiwiri, njira za katundu. Njanji ya ku Beira ndi ya ku Nacala zinawonongedwa, katundu wathu n'kumazungulira kutali, kapena kudutsa pa Zóbuè ndi Tete m'midipiti ya magalimoto yoperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe. Chachitatu, asilikali athu, amene kuyambira 1987 ankapita kukalondera njanji ya ku Nacala. Pano pali chinthu chimene ana asukulu chimawazunguza mutu, ndipo ndi bwino chikuzunguzeni inunso musananyamuke: mu Sepitembala 1986, Machel, Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda anabwera ku Blantyre kudzadzudzula Kamuzu Banda kuti dziko lake likuthandiza Renamo, koma pasanathe chaka asilikali a dziko lomwelo anali kutchire akuteteza sitima kwa Renamo yemweyo. Anthu amene mukacheze nawo anakhala m'kati mwa chisokonezo chimenechi. Musakadabwe akamanena zinthu zooneka ngati zikutsutsana.

Nsichi ndi zimenezo, n'zokwanira. Musapite kukawaphunzitsa mbiri eniake. Ine ndinayesapo kuwakonza amalume pa chaka chimene anatchula, iwo n'kungondifunsa ngati ndinaliko.

Anthuwo ali kuti

Wina angaganize kuti Salima ili kutali ndi nkhaniyi poti si boma la m'malire a pamtunda. Ayi ndithu. Kuno kuli sukulu ya asilikali ya MAFCO, ku Senga Bay kulinso asilikali, ndipo ambiri akapuma pantchito amamanga konkuno chifukwa anazolowera nsomba ndi kutentha. Njanji yodutsa pa Salima ndi pa Chipoka imakakumana ndi ya ku Nacala pa Nkaya, n'kukatulukira pa Nayuchi, choncho pali akuluakulu amene ankagwira ntchito ya njanji. Pali madalaivala akale a mathiraki amene lero amangokhala pa bawo pa Kamuzu Road. Ndiye pali amayi amene anabadwira ku Angónia kapena ku Milange, anathawira kuno ali atsikana, anakwatiwa, ndipo anzawo pobwerera kwawo pakati pa 1993 ndi 1995 iwo anatsala. Amenewa ndiwo ovuta kuwazindikira, chifukwa wa ku Angónia amayankhula Chichewa ngati cha ku Dedza kapena ku Ntcheu, ndipo ena safuna n'komwe kuti zidzukulu zidziwe kuti anachokera kutsidya.

Yambani ndi wa kwanu. Akakukhulupirirani, iye yemweyo adzakulozerani mnzake, ndipo mukafika kwa mnzakeyo ndi mawu akuti "andituma ndi akuti" mphasa imayalidwa msanga. Ngati mukupita m'mudzi wa eni, dzerani kaye kwa amfumu. Fotokozani momveka kuti simunachokere ku bungwe lililonse, simukulemba maina a olandira thandizo, ndipo simuli wa boma. Izi muzinene kawiri. Ulendo wina ku Chipoka ndinalankhula mwachidule, tsiku lotsatira ndinapeza anthu khumi ndi awiri atakhala pansi pa mtengo wa mango ndi ziphaso zawo m'manja. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindidzawaiwala.

Musapite chimanjamanja, komanso musagule nkhani. Paketi ya shuga, sopo, kapena mchere, monga mmene mungachitire pokaona wachibale. Ndalama yoperekedwa nkhani isanayambe imasandutsa kucheza kukhala ganyu, ndipo waganyu amakupatsani zimene akuganiza kuti mukufuna: magazi ambiri, mfuti zambiri.

Ulendo woyamba foni isatuluke m'thumba. Kapereni moni, nenani za mvula, za mtengo wa feteleza, za nyanja imene yadya magombe. Kenaka nenani cholinga chanu, mufunse ngati angalole kuti mudzabwerenso. Akati aganize kaye, asiyeni aganize. Kumbukirani kuti anthuwa anakula nthawi imene kulankhula za ndale kunkasowetsa munthu. Mantha amenewo sanathe ndi riferendamu ya 1993. Asilikali nawonso analumbira kusunga chinsinsi, ndipo ena amaona kuti lumbirolo likadalipo mpaka kumanda. Musalimbane nalo. Zimene angakuuzeni popanda kuswa lumbiro n'zochuluka kale.

Mafunso

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu sakumbukira "nkhondo". Amakumbukira thumba limene anasenza, fungo la chimanga chopserera m'nkhokwe, galu amene anamusiya. Choncho funsani zinthu zimene manja ake anagwira, zimene mapazi anaponda, zimene zinalowa m'kamwa.

Agogo ena a ku Chipoka, amene anachokera ku Angónia, ndinawayamba chonchi: "Agogo, tsiku limene munachoka kwanu, munanyamula chiyani?" Anayankha kuti mphika umodzi, mwana kumsana, ndi lichero. Ndinafunsa chifukwa chake lichero, osati bulangete. Yankho lake linatenga ola lathunthu, chifukwa licherolo anawalukira ndi bambo awo, ndipo kuti afotokoze za bambowo anayenera kufotokoza mmene boma linawasamutsira m'midzi yawo kukawaika m'midzi ikuluikulu ya pamodzi imene ankaitcha aldeia, mmene a Matsanga ankabwerera usiku kudzawotcha midzi yomweyo, ndi mmene anthu anayambira kugona kutchire n'kumabwera kunyumba masana okha. Ndikanati ndiwafunse kuti "nkhondo inayamba bwanji kwanuko", akanangoti inayamba ndi a Matsanga, basi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mafunso ena amene andithandiza ndi awa. Munkadya chiyani, ndipo ankaphika ndani? Mchere munkaupeza kuti? Usiku woyamba kuno ku Malawi munagona pati, anakulandirani ndani? Khadi la chakudya linkaoneka bwanji, linkasungidwa ndi ndani m'banjamo? Kwa msilikali: munkasamba kangati, makalata ankafika bwanji, munkalankhulana bwanji ndi anthu a kumeneko? Funso lomalizali linandipatsa zimene sindinawerengepo paliponse. Amalume anati cha ku Cuamba ndi Malema anyamata a Chilomwe ochokera ku Mulanje ndi Phalombe ndiwo anali pakamwa pa gulu lonse, poti chiyankhulo cha kumeneko n'chapachibale ndi chawo, moti msilikali wamba ankapezeka akumasulira bwana wake. Kwa dalaivala: mdipiti unkanyamuka nthawi yanji, galimoto ikawonongeka pakati pa njira ankatani, inu munkakonda kukhala kutsogolo, pakati kapena kumbuyo, ndipo chifukwa chiyani?

Funso lililonse likhale limodzi, lalifupi. Pewani mafunso amene yankho lake ndi inde kapena ayi. Pewaninso kuika mawu m'kamwa mwa munthu. Mukati "munkachita mantha kwambiri, eti?" adzati eya, ndipo mwalemba maganizo anu, osati ake. Nenani kuti "ndiye munatani?" kapena "kenaka?" Mawu awiriwa andigwirira ntchito kuposa mafunso onse amene ndinakonzeratu kunyumba.

Ndipo phunzirani kukhala chete. Ichi n'chovuta kwa ife aphunzitsi, tinazolowera kudzaza mpata uliwonse ndi mawu. Munthu akaima pakati pa chiganizo, musamuthandize kumaliza. Werengani chamumtima mpaka makumi awiri. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kawirikawiri zimene zimatuluka pambuyo pa chete ameneyo ndi zimene sanauzepo munthu.

Manja akhale ndi chochita. Anthu ambiri salankhula bwino mukakhala maso ndi maso ngati kupolisi. Agogo aja ankalankhula momasuka tikamaswa mtedza, amalume akamasoka kanthu, ndipo mkulu wina wa ukonde ankafotokoza bwino maso ali pa mfundo zake. Khalani chammbali, thandizani ntchitoyo. Mapu amathandizanso. Ndinasindikiza mapu a kumpoto kwa Mozambique pa pepala wamba, amalume n'kumalondola njanji ndi chala kuchoka pa Nayuchi, kudutsa Entre Lagos, mpaka Cuamba, ndipo pamalo pamene chala chinkaima panali nkhani.

Funso la kupha lija musalifunse. Funso la zimene zinachitikira amayi m'manja mwa asilikali, a mbali iliyonse, musalifunsenso. Mwini wake akafuna adzafikako yekha. Ngati ndinu mwamuna ndipo mukucheza ndi mayi, tengani mlongo wanu kapena mayi wina amene iwo amamukhulupirira, ndipo pena inuyo muchokepo, mukaone mbuzi. Mwamuna wawo, apongozi kapena ana akakhala pomwepo, dziwani kuti mukumva nkhani ya pagulu. Si yabodza, koma ndi yosefa.

Zaka

Akuluakulu ambiri sakuuzani kuti "mu 1988". Mukawaumiriza adzangotchula chaka chilichonse kuti musangalale. Njira yake ndi kumangirira nkhani ku zinthu zimene aliyense amakumbukira. Kuno ku Salima tili ndi chikhomo chabwino kwambiri: chivomerezi cha mu Malichi 1989, chimene chinagwetsa nyumba zambiri m'boma lino. Palibe wamkulu wa kuno amene sadziwa kumene anali usiku umenewo. Ndiye funsani kuti, "Pamene kunkachita chivomerezi chija munali mutabwerako, kapena munali konko?" Zikhomo zina ndi imfa ya Samora mu 1986, kubwera kwa Papa John Paul II mu Meyi 1989, napolo wa ku Phalombe mu Malichi 1991, chilala cha 1992 ndi kalata ya maepiskopi ya chaka chomwecho, riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ndi Operation Bwezani mu Disembala 1993, pamene asilikali analanda zida a payoniya. Kwa amayi, ana ndiwo kalendala. Funsani amene anali kumsana, amene anali m'mimba, kenaka mupemphe kuona khadi la kusikelo kapena la ubatizo. Nyengo nayonso ifunseni: chimanga chinali chitafika pati, mango anali atapsa?

Ndi njira imeneyi ndinapeza kuti agogo aja anawoloka malire miyezi yochepa Samora atamwalira, chimanga chili m'mawondo, pamene iwo ankanena kuti anabwera "nthawi ya chilala". Sananame. Chilala chija chinawapweteka kwambiri moti zaka zonse za ku msasa zinasanduka chaka chimodzi m'mutu mwawo. M'kope ndinalemba zonse ziwiri: zimene ananena, ndi zimene ndinawerengetsa ine, chilichonse pamzere wake.

Foni ndi kope

Ulendo wachiwiri kapena wachitatu ndi pamene mungapemphe kujambula mawu. Foni wamba ndi yokwanira. Izimitseni netiweki kuti wina asakuimbireni pakati pa nkhani, batire likhale lodzaza, ndipo muiike pa chitenje chopinda pafupi ndi wolankhulayo, osati patebulo lopanda kanthu pamene kapu iliyonse imamveka ngati bomba. Adani anu ndi mphepo ya mwera m'miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, chigayo, wailesi ya oyandikana nawo, matambala, ndi mvula pa denga la malata. Nkhani ina yabwino kwambiri ndinaijambula kugombe, pofika kunyumba ndinangomva mafunde. Jambulani mphindi imodzi, mumvetsere, kenaka muyambe.

Poyamba penipeni nenani tsiku, malo, ndi amene mukucheza naye, ndipo mufunse mawu akujambulidwa: "Amalume, mwalola kuti ndijambule? Mukafuna kuti ndizimitse mungonena." Mufunsenso kuti ndani angamve mawuwo: banja lokha, ana asukulu, kapena aliyense. Mayankho amasiyana, ndipo munthu ali ndi ufulu wosintha maganizo mawa. Ola limodzi kapena limodzi ndi theka n'lokwanira. Wamkulu akatopa amayamba kufupikitsa kuti muzipita.

Kope likhalepobe. Foni siona kuti apa analoza chipsera cha pamwendo, apa anaseka koma maso ali ndi misozi, apa analowa mdzukulu nkhani n'kusintha. Lembani zimenezo, ndiponso maina a malo, muwafunse abwereze pang'onopang'ono. Tsiku lomwelo sungani mawuwo pawiri, pa memori khadi ndi pa imelo kapena pa kompyuta. Foni zimagwera m'madzi, zimabedwa pa depoti. Koma musawaponye pagulu la WhatsApp la banja "kuti asungike". Akalowa m'menemo salinso m'manja mwanu.

Kulemba zimene mwajambula ndi ntchito yowawa. Ine ola limodzi limanditengera maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Lembani mmene munthu walankhulira, osakonza Chichewa chake, osachotsa mawu a Chipwitikizi. Mawuwo ali ndi nkhani yawoyawo. Wonena kuti bandidos akugwiritsa ntchito dzina limene boma la Frelimo linkatchulira Renamo. Wonena za gandira akunena ntchito ya kalavulagaga imene Renamo inkagwiritsa anthu a m'madera ake, kusenza katundu ndi kupereka chakudya. Wina akatchula Naparama, akunena gulu la anthu a kumudzi la Manuel António limene linadzuka ku Zambézia cha m'ma 1990, lomenya nkhondo ndi mikondo ndi zikwanje, litatemera mankhwala amene ankakhulupirira kuti amaletsa chipolopolo kulowa m'thupi. Musaseke, ndipo musayambe mtsutso wa ngati mankhwalawo ankagwira. Funsani kuti ankatemera pati, ankasala chiyani, anawaona ndi maso kapena anangomva.

Funso lomalizali, loti munaona kapena munamva, lizikhala pafupi nthawi zonse, koma lifunseni mwaulemu: "Pamenepo inuyo munali pomwepo, kapena anakuuzani anzanu?" Nkhani zina zimayenda m'misasa yonse, aliyense n'kumazinena ngati zinachitikira msuweni wake. Zimenezonso n'zofunika, zimaonetsa chimene anthu ankaopa, koma muzilembe podziwa kuti ndi zomva.

Pamene nkhani zasemphana

Munthu mmodzi si nkhondo yonse. Amalume amakamba za othawa nkhondo ngati anthu amene Malawi inawachitira chifundo chachikulu. Agogo a ku Chipoka amakumbukira chifundocho, mayi wa ku Dedza amene anawapatsa khumbi ndi ufa, koma amakumbukiranso kunyozedwa pa mjigo, kulima maganyu olipidwa theka, ndi matenda a pelagra amene anagwira anthu ambiri m'misasa cha m'ma 1989 ndi 1990 chifukwa chodya nsima yokhayokha popanda mtedza kapena ndiwo zokwanira, khungu n'kumada ndi kusupuka m'khosi ndi m'mikono. Mkulu wina wa ku Ntcheu amene anasamukira kuno amakumbukira china: mitengo inatha m'mapiri, koma malonda anakoma, poti ufa ndi mafuta a m'misasa zinkapezeka pamsika motsika mtengo. Onsewa akunena zoona. Ntchito yanu si kuweruza ngati bwalo la amfumu. Ikani nkhanizo moyandikana, muone pamene zikugwirizana ndi pamene zikusiyana, ndipo mufunse kuti munthuyu anaima pati kuti aone zimene anaonazo.

Mukafuna kuyerekeza ndi zolembedwa, ku Zomba kuli National Archives, ndipo ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi ku Mandala. Koma nyuzipepala za nthawi imeneyo muziwerenge mukudziwa kuti zinkalemba zokomera boma. Pa za asilikali athu ku Nacala, chete wa nyuzipepala si umboni woti kunalibe kanthu.

Misozi

Idzabwera. Mukaona munthu wayamba kunjenjemera mawu, kapena wangoti duu maso ali patali, musathamangire kumutonthoza ndi mawu ambiri, ndiponso musapitirize ngati simunaone. Funsani ngati muzimitse foni. Ena amati zimitsani, ena amati isiyeni, ndikufuna zimveke. Chachikulu n'chakuti musanyamuke nthawi yomweyo. Mwatsegula chilonda, musachisiye poyera n'kukwera kabaza. Khalani mpaka nkhani ibwerere ku za lero, za mpunga wa ku Lifuwu, za mdzukulu amene walemba mayeso. Mawa lake imbani foni kapena dzeraniko. Akazi a amalume anandiuza kuti titacheza za mudzi wa nkhali zapamoto uja, amalumewo sanagone masiku awiri. Ndinasiya mwezi wathunthu osatchulanso za Nacala, mpaka anayambitsa okha. Mukaona kuti munthu wasokonezeka kwa masiku ambiri, lankhulani ndi a m'banja mwake, abusa kapena ashehe ake, kapena a chipatala, ndipo kucheza kwa nkhondoko kuime kaye.

Inunso zidzakulemerani. Musamve nkhani zitatu zotere tsiku limodzi.

Nkhaniyo ndi ya mwini wake

Mukamaliza kulemba, bwererani mukawawerengere kapena kuwayatsira mawu awo kuti amvetsere. Apa ndi pamene amakonza maina a malo, amawonjezera zimene anaiwala, ndipo pena amachotsa. Wina akatchula dzina la munthu wamoyo kuti ndiye ankalozera a Matsanga nyumba za anthu, kapena ndiye ankaba katundu wa m'sitima, dzinalo lisatuluke m'kope lanu. Simungathe kutsimikiza, ndipo ana a munthuyo ali moyo. Amayi amene anatsala kuno muwasamale koposa: nkhani ya kumene munthu anabadwira ikhoza kumuutsira mavuto pa za malo kapena za chiphaso cha unzika. M'kalasi ndimangoti "mayi wina", ndipo mudzi sinditchula.

Amalume atamvetsera mawu awo onse, maola anayi ndi theka, anandiuza kuti ndichotse mphindi khumi ndi ziwiri. Zinali mphindi zimene ine ndinkaziona kuti ndizo mtima wa nkhani yonse, yankho la funso langa lopusa lija, limene anadzalipereka okha popanda kufunsidwa. Ndinayesa kuwanyengerera kuti ndingosunga osamvetsa munthu. Anakana. Ndinadula iwo akuona, ndinafufutanso pa memori khadi ndi pa imelo, ndipo masamba awiri a m'kope anawang'amba okha n'kukasonkhezera moto wa tiyi. Zotsalazo anati ndipatse ana awo onse, aliyense memori khadi yake, ndipo wamng'ono amene ali ku Johannesburg ndimutumizire.

Loweruka likubwerali ndikupita kwa mmodzi wa madalaivala akale aja a pa bawo. Wandiuza kuti ndibwere m'mawa dzuwa lisanatenthe, ndipo ndisaiwale mapu a njira ya ku Tete, chifukwa pali mlatho wina waung'ono pakati pa Zóbuè ndi Moatize umene dzina lake lamuthawa.